Lamulo Lakale la Bambo ndi Madzi a Kumunsi

Rosettenville, Joni
11 Juni 2023

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Dwambazi. Ine ndili bwino, kungoti kuno kwazizira moti madzi a pampopi akuluma zala. Za amene mukukhala nawo masiku ano sindifunsa. Akadwala mudziwa nokha chochita.

Foni yanga simuyankha, ndiye ndabwerera ku pepala. Kalatayi ndapatsira a Yusuf, aja amanyamula katundu wa anthu pakati pa Joni ndi Nkhotakota. Ndawauza kuti akupatseni pamanja, asasiyire munthu wina aliyense wa pakhomo panupo.

Nkhani ndi ya pulogalamu ya madzi. Ndikudziwa kuti munailemba ndinu, ine ndili ku sekondale, ndipo palibe amene akukulandani. Chiyambire pamene munakhala mlembi wa sikimu ya mpunga, alimi anasiya kukanganirana pa geti la ngalande, chifukwa aliyense amalandira uthenga pafoni womuuza tsiku limene buloko yake ilandire madzi. Zimenezo ndimazinena ngakhale kwa anzanga a kuntchito kuno. Koma tsiku limene komiti inandipempha kuti ndiziyang'anira seva yotumiza mauthengawo, munavomera nokha pamaso pa anthu. Ndiye pa nkhani iyi yokha mundimvere.

Nkhokwe yosungiramo pulogalamu ndaisamutsa. Siilinso pa kompyuta ija ya mu ofesi ya sikimu, imene imazima magetsi akangophethira. Ili kuno, pa seva ya kuntchito kwathu, abwana anandilola kakona. Njira yotumizira zosintha tsopano ndi git. Mukasintha kanthu pa kompyuta yanu, mulembe git push. Zosinthazo zizifika kaye kwa ine, ndiziziyesa, zikakhala bwino ndizizilowetsa. Lamulo lanu lakale lija la svn commit ndalisiyira kakhomo kuti muzolowere pang'onopang'ono, koma kakhomo kameneko n'koopsa. Chilichonse chimene mwatumiza kudzera pamenepo chimalowa mu seva osayesedwa, ndipo kukacha chimakhala chili kale m'mafoni a alimi.

Sabata yatha munachita zomwe ndinkaopazo. Munatenga mafayilo anu akale, n'kuwaika pamwamba pa anga, n'kutumiza ndi svn commit. Ntchito yonse imene ndinagwira yochotsa manambala a foni olembedwa kawiri inafufutika, ndipo alimi ena analandira uthenga umodzimodzi mobwereza mpaka kuzimitsa mafoni. Pamalo polembapo chifukwa chosinthira munangolemba kuti "kukonza". Kukonza chiyani, Bambo? Ndinazibwezeretsa Lamlungu, tsiku lokhalo limene ndimachapa ndi kupuma.

Kuseri kwa pepala lino ndalemba momwe mungaikire git pa kompyuta yanu. Si zovuta kwa munthu amene anagwira ntchito ya makompyuta anzake asanaione n'komwe. Vuto lanu si mutu ayi.

Bulangete limene a Yusuf anyamula ndi la amayi, ndipo akapereka okha kunyumba kwawo. Ndanena kuti musadabwe poona kuti inu simunalandire kanthu.

Ndine mwana wanu,
Iness


Rosettenville, Joni
9 Julayi 2023

Bambo,

Moni. Ndamva kuti muli moyo ndipo njinga mukupalasa bwino. Ine chimfine chinandigwira koma chapita.

A Yusuf afika dzana. Ndinawafunsa kuti, "Kalata yanga ili kuti?" Iwo anakanda mutu nati, "Mwanawe, kalata palibe. Angoti ndikuuze kuti zala zawo zinakulira svn, ndipo pulogalamuyo anailemba iwe usanadziwe pamene amayatsira kompyuta." Ndinati, "Basi?" Iwo anati, "Zinazo sindinganene, ndine munthu wa mzikiti."

Chabwino. Zala zanu zikule nazo. Koma zimene zalazo zatumiza mwezi uno sindingazilekerere.

Buloko A, kumtunda kwa ngalande, kumene kuli minda ya alongo awo a mayi Nester, akazi anu atsopanowo, mwaipatsa madzi kawiri pa sabata. Buloko D, kumunsi, kumene kuli munda wa amayi anga, mwaichotsera Lachisanu lake. Simunandifunse, simunandidziwitse. Ndinangoona zosintha zalowa ndi dzina lanu, ndi mawu anu aja, "kukonza". Ndinabwezeretsa ndondomeko yakale. Kutacha munatumizanso yanu. Ndinabwezanso, munatumizanso. Alimi analandira mauthenga otsutsana, wina woti madzi abwera, wina woti sabwera. Malume Filipo, alongo awo a amayi, anandiimbira akupuma mwaphuma, nati, "Iness, tiuze bwino, ikunama ndi foni kapena ndi bambo ako? Ife tawokera kale mpunga kuno." Ndinazemba funsolo, chifukwa chowona chikanawatumiza kunyumba kwanu.

Munawasiya amayi ndi denga lodontha, ine ndinakhala chete. Munasamukira kwa a Nester tsidya la msewu, pamene amayi amakuonani mukudutsa m'mawa uliwonse, ndinakhalabe chete, ndinangokana kubwera ku mwambo wanu. Anthu anandinena kuti ndine mwana wamwano, ndinameza. Koma madzi ayi. Mpunga umenewo ndi umene amayi amadya, ndi umene amagulira sopo. Mwawalanda mwamuna, musawalandenso Lachisanu.

Ndikukupatsani mpaka kutha kwa mwezi uno. Mukapanda kuphunzira git push, kakhomo ka svn ndikatseka. Mukafuna kusintha ndondomeko muzidzera kwa ine monga munthu wina aliyense, ndipo muzifotokoza chifukwa chake m'mawu omveka.

Kuno zinthu zakwera, mafuta ophikira tikugawana botolo limodzi ndi mnzanga wa ku Mulanje. Abwana anapemphanso pasipoti yanga kuti akaijambule, akuti n'zamwambo chabe. M'takisi masiku ano sindiyankha foni m'Chichewa. Izi musawauze amayi, ngati mumalankhulana nawo n'komwe.

Iness


Turffontein, Joni
6 Ogasiti 2023

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino. Onani adiresi pamwambapo, ndasamuka. Kumene ndinkakhala kuja eni nyumba anayamba kufunsa mafunso ambiri.

Kakhomo ndatseka. Kuyambira lero mukalemba svn commit, kompyuta ikuyankhani kuti mulibe chilolezo. Musavutike kuitana anthu okonza netiweki, palibe chawonongeka. Ndatseka ndine. Ndondomeko imene ili mu seva ndi yakale ija, ya tsiku limodzi pa buloko iliyonse, ndipo ikhala choncho.

A Yusuf anandipatsa uthenga wanu wachiwiri. Akuti munawaimitsa pa msika wa Dwangwa n'kunena kuti, "Mukamuuze kuti ngalande ya kumunsi ikutaya madzi." Ndinaseka, Bambo. Zaka zonsezi ngalandeyo sinataye madzi, yayamba kutaya chaka chimene alamu anu atsopano awonjezera minda ku A? Ngati ikutayadi, komiti indilembere kalata yokhala ndi chidindo, asayine ndi a tcheyamani. Mawu otumiza pa windo la galimoto sindisinthira ndondomeko ya anthu.

Mwezi wonse munali ndi mpata. Ndinakulemberani zonse kuseri kwa kalata yoyamba. A Yusuf akuti pepalalo analiona mutatchingira nalo fumbi pa kiyibodi. Zikomo poligwiritsa ntchito.

Pakagwa chadzidzidzi chenicheni, imbani. Nambala ndi yomwe ija imene mumaiona ikulira n'kuisiya. Foni yanga siizima, ndipo kusintha ndondomeko kuchokera kuno n'kanthawi kochepa.

Mukaona malume Filipo musayambane nawo. Ndawauza kuti Lachisanu lawo labwerera ndipo palibe amene alichotsenso.

Iness


Turffontein, Joni
24 Seputembala 2023

Bambo,

Sindikudziwa ngati ndifunse za moyo, popeza a Yusuf andiuza kale. Akuti dzanja lamanja lathyoka pansi pa chigongono ndipo lili m'chikhakha. Akuti pamphumi anakusokani. Ine ndilipo.

Ndilemba momwe ndamvera, mukonze pamene pali bodza. Khoma la ngalande ya kumunsi linagumuka, madzi n'kumathira m'dambo. Komiti inakumana madzulo omwewo n'kugwirizana kuti buloko D itsekedwe kaye, tsiku lake lipite kumtunda mpaka khomalo litamangidwa. Inu munapita ku ofesi, munasintha ndondomeko, munalemba svn commit, kompyuta inakana. Munayesanso, inakananso. Kukacha mauthenga anapita monga mwa ndondomeko yakale, owauza anthu a ku D kuti lero ndi lanu. Anafika pa geti ndi makasu, anapeza lotseka, madzi akulowa ku A. Malume Filipo anakweza foni m'mwamba kuti aliyense aone, n'kukutchulani dzina, nati, "Foni ikuti madzi ndi athu! Maliko wagulitsanso kwa alamu ake!" Inu munafika pa njinga kuti mufotokoze. A Yusuf akuti munangoyamba kuti, "Abale, kompyuta..." mpini unali utatsika kale. Akuti anamenya ndi malume eniakewo, ndipo kachiwiri munatchinga ndi dzanja.

Tsopano mudzi wonse ukuti mwana wa ku Joni wathyola bambo ake. Mwina inunso mukutero. Musayembekeze kuti ndigwada. Ndinakuchenjezani mu Juni, ndinakuchenjezani mu Julayi. Mukanaphunzira lamulo limodzi lokha, mawu awiri, zosintha zanu zikanafika pa seva, ndipo mnzanga wa kuntchito amene ndinamusiyira makiyi a sevayo akanaziona n'kuzilowetsa. Munasankha kuumirira. Munthu wamkulu, wophunzira, kulephera kusiya chizolowezi chifukwa choti wakuuzani ndi mwana wamkazi wa Rute, mkazi amene munamusiya.

Ndikudziwa kuti munaimba. Ndinapeza dzina lanu pafoni, mobwerezabwereza, koyamba chichokereni pakhomo pa amayi. Ndinalemba kuti foni yanga siizima. Inazima. Apolisi anatitsitsa m'takisi m'mawa wina tikupita kuntchito, onse amene mapepala athu anali ndi chowafunsa, ndipo kumene anatipititsako foni amalanda pakhomo. Ndinakhalako mpaka abwana atabwera ndi loya. Za mkatimo sindilemba. Nsapato ndinatuluka nazo, jekete ayi. Nditayatsa foni pa msewu ndi pamene ndinaona kuti munaimba, ndinakhala pansi pomwepo anthu akundilambalala.

Ndondomeko ndaikonza monga inagwirizanira komiti. Kakhomo ka svn ndatsegulanso, ngakhale sindikudziwa kuti mulemba ndi chiyani.

Malume ndawaimbira. Ndawauza mawu amene mwana sauza malume ake, ndipo anadula foni. Akuti nkhani ili kupolisi. Zoti muwakhululukire kapena ayi ndi zanu, ine sindilowererapo.

Ndapatsira a Yusuf mankhwala opha ululu ndi mafuta opaka. Ndi anu. Ngati simuwafuna, tayani nokha, musawabweze.

Iness


Turffontein, Joni
22 Okutobala 2023

Bambo,

Moni. Ndikhulupirira dzanja likuchira. Kuno kwayamba kutentha ndipo mvula yagwa kale kangapo.

Simunayankhe, ndipo sindinadabwe. Mankhwala aja, a Yusuf akuti analandira ndi a Nester, inu munayang'ana kukhoma.

Ndalankhula ndi amayi. Ndinawafunsa za mpunga, anati wa kumunsi wonse wapsa, apeza wongokwanira mbewu. Ndinayamba kukunenani, iwo anandidula. Anati, "Iness, ngalande ija inayamba kutaya madzi mwezi wa Juni. Ukatsegula geti, theka limathera m'dambo lisanafike kwa ife. Bambo ako ankabwera ndi alongo ake a Nester kudzaika matumba a mchenga, ine ndinkawaona." Ndinati, "Nanga bwanji simunandiuze?" Anati, "Unandifunsa? Ukaimba umangofunsa kuti bambo ako akuchitanso chiyani. Za ngalande sunafunsepo."

Ndiye munkanena zoona. Ndalemba, muwerenge kawiri ngati zikukomerani. Koma musaganize kuti mwayera. Munali ndi malo olembapo chifukwa nthawi iliyonse imene munkatumiza zosintha. Mukanalemba kuti ngalande ikutaya madzi, tikumanga kaye, D idzabwezeredwa masiku ake. Mzere umodzi. Inu munkalemba "kukonza", ngati mukulankhula ndi khoma. Ndi mmene mulili. Tsiku limene munachoka pakhomo munangonyamula chikwama ndi kompyuta n'kuuza amayi kuti mukubwera. Munthu amene safotokoza asamadabwe anthu akamamuganizira zoipa.

A tcheyamani anandiimbira. Akuti komiti yakuimitsani kaye pa ulembi, ndipo alimi ambiri akufuna kubwerera ku bolodi ndi choko pa geti, chifukwa foni yawapweteketsa. Akuti pulogalamu ikapanda kukhazikika mvula isanayambe, aiiwale. Ndinawapempha kuti adikire. Sindinapemphere inu. Bolodi lija ndikulikumbukira, aliyense wofika m'mamawa ankafufuta tsiku la mnzake ndi chala chonyowa, ndipo ovutika ankakhala a kumunsi omwewo.

Tsopano nayi nkhani imene sindinkafuna kukulemberani. Abwana anandiitana, anatseka chitseko, analankhula mwaulemu kwambiri. Akuti amandikonda, akuti ntchito yanga ndi yabwino, koma za loya zija sangazibwerezenso. Ntchito yatha. Kakona kanga ka pa seva akafufuta kumapeto kwa Novembala. Malo ena osungira alipo, koma amafuna khadi la kubanki, ndipo langa analitseka pamodzi ndi pemiti.

Choncho pulogalamu iyenera kubwerera kumene inachokera, mu nkhokwe yanu yakale pa kompyuta ya mu ofesi. Pali lamulo lotengera zosintha kuchokera mu git kupita mu svn, amati git svn dcommit. Ndi limene ndigwiritse ntchito. Musaseke. Loweruka loyamba la Novembala muyatse kompyutayo ndi rauta ya intaneti kuyambira m'mawa, muone kuti muli mayunitsi, musazimitse mpaka dzuwa litapendeka. Ntchito yanga yonse ya chaka chino ibwera kudzera pamenepo. Simukuyenera kulemba kalikonse, kungodina batani.

Iness


Joni
12 Novembala 2023

Bambo,

Moni wa masiku onse ndausiya, simuufuna.

Loweruka lija ndinapita ku kafe ya intaneti pafupi ndi siteshoni, chifukwa laputopu ya kuntchito ndinabweza ndipo ndatsala ndi yakale ija yosweka kona. Ndinakhala pakati pa anyamata osewera magemu. Ndinayesa kufikira kompyuta yanu, inayankha. Ndinati bambo anga ayatsadi. Ndinalemba git svn dcommit. Inaganiza pang'ono, kenako inati ndilibe chilolezo. Ndinaganiza kuti ndalakwitsa mawu achinsinsi, ndinalembanso mosamala. Inakananso. Nditafufuza ndinapeza kuti dzina langa mulibe m'gulu la ololedwa. Mwalichotsa.

Ndiye kuti munadzuka m'mawa, munapita ku ofesi, munayatsa kompyuta, munagula mayunitsi, zonsezo kuti ndifike pakhomo ndione lotseka. Mukanangoisiya yozima ndikanati ndi magetsi. Munafuna ndidziwe. Ndadziwa. Ndaonanso kuti dzanja lamanzere likugwira bwino ntchito.

Mwini kafe anandifunsa ngati ndamwalilidwa. Ndinamuuza kuti ayi, ndi bambo anga chabe.

Tsopano mverani. Pulogalamu yonse, ndi mbiri yake yonse kuyambira mzere woyamba umene munalemba inu, ndaiika pa fulashi. Seva ya kuno ikafufutidwa, kwina kulikonse kulibe, ndipo imene muli nayo mu ofesiyo ndi yakale, singatumize mauthenga pa manambala atsopano. Ine andipatsa masiku oti ndikhale nditatuluka m'dziko muno. Ndikwera basi ndi katundu amene ndingathe kunyamula, bedi ndi mbaula ndasiyira mnzanga uja wa ku Mulanje.

Ndikafikira kwa amayi. Ku ofesi sindibwera, kunyumba kwa a Nester sindiponda. Mukaifuna pulogalamu yanu, mubwere mudzaitenge nokha pakhomo pamene munachoka, mudzaodire ngati mlendo, amayi akuyankheni. Mukapanda kubwera, a tcheyamani agule choko.

Iness


Dwambazi
3 Disembala 2023

Bambo,

Ndili tsidya lino la msewu, denga lanu ndikuliona, koma ndilembabe. Kalatayi abwera nayo ndi a Nester.

Anafika dzulo masana ine ndikupeta mpunga wa mbewu pakhonde. Anaima kumapeto kwa bwalo n'kuodira. Aka kanali koyamba kuwaona pafupi. Ndinkayembekeza munthu wina, osati mayi wowonda wovala patapata zosiyana mitundu. Amayi anawayankha, anawayalira mphasa, anawafunsa za moyo ngati mnansi wina aliyense. Ine sindinasiye kupeta.

Anati, "Andituma bambo Maliko."

Ndinati, "Chothyoka ndi dzanja. Miyendo ali nayo."

Anati, "Anayesa. Dzana anafika mpaka pa kalavati apo, anaima, n'kubwerera."

Ndinati abwerenso, kalavatiyo sinasamuke. Amayi analowa m'nyumba, ndinamva zipi ya chikwama changa, anatuluka ndi fulashi n'kuiika m'manja mwa a Nester. Ndinadzuka, lichero linagwa. Amayi anati, "Khala pansi. Mvula yagwa, nazale zamera, anthu akufuna kudziwa tsiku lawo la madzi. Iwe ndi bambo ako mwandiphera kale mpunga umodzi pondimenyera nkhondo imene sindinakutumeni. Mlongo wanga wagona m'chitokosi. Mukafuna kulimbana kalimbaneni pa msewu, m'munda mwanga mutulukemo."

Sindinawamvepo amayi akulankhula choncho, ngakhale tsiku limene munachoka.

A Nester anaitembenuza fulashiyo m'manja ngati sakudziwa mbali yogwira. Kenako anati, "Pepani, koma ngakhale ndipite nayo, sangaigwiritse ntchito. Dzanja linachira mokhota, zala sizipinda. Lamanzere limanjenjemera. Tsiku lija la dzina lanu, iwo ankanditchulira zilembo, wofufuta ndinali ine. Ndinawauza kuti si bwino, anandikalipira. Titamaliza anakhala pomwepo mpaka madzulo akuyang'ana kompyuta, osadya."

Musaganize kuti mtima wanga watsika. Zimene munachitira amayi zili pomwepo, ndi za Loweruka lija zili pomwepo.

Lachiwiri m'mawa ndifika ku ofesi ya sikimu. Mukakhale mutayatsa kompyuta, ndipo a Nester abwere ndi fulashi ija, abwezere dzina langa momwe analichotsera, muwatchulirenso zilembo. Muitane a tcheyamani kuti pakakhale munthu wachitatu, abwere ndi ndondomeko imene komiti yavomereza. Ine ndikakhala pa kiyibodi, inu pambali. Malo amene pulogalamu imawerengera masiku a mabuloko mumawadziwa ndinu kuposa ine, ndiye inu muzikanena, ine ndizikalemba. Svn commit yanuyo ndikalemba ndi zala zanga.

Za amayi musakayambe, za ku Joni musakafunse. Tikatumiza, mauthenga akalowa m'mafoni a anthu, aliyense azikabwerera kwawo.

Iness